Amene Anadya Mpunga wa Buluu

Mbale ija inabwera koyamba Loweruka lina mu February, kunja kukugwa kamvula kaja kosadziwika poyambira ndi pothera. Ndinali nditakhala mu Dublin miyezi inayi yokha. Amayi anabwera kuno ndi mng'ono wanga Joy ali kumsana, ine n'kutsala ku Kasungu mpaka nditalemba mayeso a Fomu 4, choncho m'nyumba mwathu ku Tyrrelstown ndinkayendabe ngati mlendo. Ngakhale Amalawi anzathu a kutchalitchi ankawaitana Amayi kuti amake Joy, pamene woyamba kubadwa ndine, Tiyezge.

Belu litalira, Joy sanasunthe pa TV. Ndinakatsegula ndine. Pakhomo panali Anti Noraini a nyumba yoyandikana nafe, namwino wa ku Malaysia amene amagwira ntchito pa chipatala chachikulu cha ku St James's ngati Amayi, ngakhale mawodi awo ndi osiyana. Anali atanyamula mbale yagalasi yakuya, yovundikira ndi foyilo.

"Kawapatse amayi ako," anatero m'Chingerezi chawo chothamanga. "Anandiyang'anira ana Lachiwiri lija. Uwauze kuti ichi n'cha kwathu ku Kelantan, dzina lake nasi kerabu."

Ndinalandira ndi manja awiri, n'kupinda maondo pang'ono. Ndinathamangira nayo kukhitchini.

Amayi atavundukula foyilo anabwerera m'mbuyo. Mpunga wake unali wa buluu, buluu weniweni ngati yunifomu ya kupulayimale. Pambali panali masamba odula mopyapyala ngati ulusi, kokonati wokazinga, theka la dzira, nsomba, ndi kachikho ka msuzi wabulawuni umene unadzaza khitchini yonse ndi fungo.

"Mayo ine," anatero Amayi. "Munthu kudya inki? Nanga chanunkhachi n'chiyani, chinafa liti?"

"It smells like feet," anatero Joy, amene Chichewa amamva chonse koma amayankha m'Chingerezi.

"Tiyezge, kataye mu bini ya zotsala. Ukulunge bwino, mawindo awo ayang'ana komweko."

Ndinatuluka nayo kuseri. Koma munthu amene anadutsa kusukulu yogonera komweko, kumene mpunga tinkauona Lamlungu lokha, sataya mpunga. Ndinalowa mu kashedi kosungiramo njinga ya Joy, n'kukhala pa chitini cha penti, n'kulawa ndi zala. Msuzi uja pawokha unandiluma lilime ndi mchere, ngati usipa woiwalidwa m'thumba. Ndinatsala pang'ono kulavula. Kenako ndinausakaniza ndi mpunga, masamba ndi kokonati, ndipo zimene zinachitika m'kamwa mwanga ndinali ndisanazimvepo. Kunayamba kuwawasa, kenako fungo la mandimu, tsabola n'kubwera mochedwa, kumapeto kwake kutsekemera pang'ono. Ndinamaliza zonse, mvula ikugogoda padenga.

Kwathu mbale ya mnansi siibwezedwa yopanda kanthu. M'mawa mwake Amayi anakazinga mandasi n'kuwaunjika m'mbale muja.

"Ukanene kuti chinali chokoma kwambiri. Basi, usachulutse."

Ndinakanenadi choncho, maso ali pa silipasi za Anti Noraini. Koma iwo sanalandire mbale n'kutseka chitseko monga ndinkayembekezera.

"Chokoma kwambiri amatero aliyense," anatero. "Anzanga a kuntchito amatero uku akufunafuna potayira. Amayi ako anakonda chiyani kwenikweni?"

Ndikanangonena kuti ndinadya ndine. Koma kudzitchula ndekha pamaso pa munthu wamkulu, m'Chingerezi, pakhomo pa eni, kunali kolemera ngati thumba la simenti. Amene anatuluka mosavuta ndi mawu ena.

"Amayi akuti msuzi uja pawokha ndi wamchere kwambiri. Koma akuti ukasakaniza zonse, ndi umene umamanga mbale yonse pamodzi."

Anti Noraini anandiyang'ana kukamwa kuli yasa. Kenako anakuwira amuna awo m'nyumba. "Hafiz! Bwera udzamve! Magdalena wadya budu!" Magdalena ndi dzina la Amayi. Anti Noraini anandifotokozera kuti budu ndi msuzi wa tinsomba tating'ono tosungidwa mumchere miyezi yambiri, ndipo pa zaka leveni zimene akhala mu Ireland palibe mlendo anamumalizapo. Buluu uja akuti ndi wa duwa, osati utoto wa m'botolo.

Tsoka lake, kwawonso mbale siibwerera yopanda kanthu. Loweruka lotsatira inabwera ndi asam laksa ya ku Penang, kwawo kwa a Hafiz: manudozi onenepa mumsuzi wa nsomba wowawasa ndi bwemba, pamwamba pali tizidutswa ta chinanazi ndi anyezi. Ife tinabweza zitumbuwa. Kenako kunabwera keropok lekor za ku Terengganu, zooneka ngati soseji zotuwa koma zili nsomba yosinja ndi ufa, zotafunika ngati labala mpaka utazizolowera. Tinabweza chigumu. Kunabweranso nsomba yofanana ndi mlamba, yophikidwa mumsuzi wa chipatso chonunkha chija chotchedwa duriani, chochita kuchisasitsa, mmene amaphikira ku Pahang. Imeneyo Amayi analamula kuti isalowe n'komwe m'nyumba.

Zonsezi zinkathera mu shedi. Joy anandipeza sabata yachitatu n'kukanena, koma Amayi anangoti, "Bola usatidwalire."

Ndinajambula mapu a Malaysia kumapeto kwa kope langa lakale la Jogirafe, n'kumalemba chakudya chilichonse pa chigawo chake, ndi mmene chinandimvekera. Ndinaona kuti za kwa a Hafiz zimatsamira kowawasa, pamene za kwa Anti Noraini sizisowa kokonati ndi kashuga. Pobweza mbale ndinkaima pakhomo paja mphindi teni, nthawi zina twente, ine yemweyo amene kushopu ya ku Blanchardstown, kumene ndimasanja katundu m'mashelefu, anzanga ankayesa kuti Chingerezi sindichidziwa. Ndikangoyamba ndi "Amayi akuti", lilime linkamasuka. Amayi akuti laksa ija ikanakoma ndi tsabola wowonjezera. Amayi akufunsa ngati lekor mumamwera tiyi. Amayi akuti nsomba ya duriani supuni yoyamba ndi chilango, koma ukafika yachisanu kusiya kumavuta. Anti Noraini ankaseka mpaka kugwira chitseko. Akakumana ndi Amayi pa siteji ya basi ankawakumbatira, Amayi n'kumangoti, "Lovely, lovely," osadziwa chimene mnansi wawakondera chotere.

Mu May, nditakabweza mbale, Anti Noraini anandikokera m'khitchini mwawo n'kuchotsa pepala pa filiji.

"July tikupita kumudzi masabata atatu. Titsikira ku Penang, tibwereka galimoto ya mlamu wanga, kenako ulendo wa pamsewu: Kelantan kwa mayi anga, Terengganu, Pahang. Ife tilipo anayi, m'galimoto mwatsala mpando umodzi. Ndikufuna nditenge amayi ako. Kogona ndi kwa abale, iwo angopeza tikiti. Lilime ngati lawo lisamangodya zanga za m'mafiliji a ku Dublin, likadye zenizeni."

Papepalapo panali zakudya leveni, chilichonse ndi tawuni yake ndi malo ake. Laksa ya pa kamsika kena kumene a Hafiz ankadya ali mwana. Lekor zongochoka mumphika, m'mphepete mwa msewu wa kunyanja. Pa nambala 6 analemba kuti: nasi kerabu ya mayi anga. Pambali pa zina anawonjezera timawu, "poti anati amakonda zowawasa", "poti anafunsa za tiyi". Mawu angawo. Pepala lonse linali langa, kungoti pamwamba pake panali dzina la Magdalena.

Ya tikiti ndinali nayo, chifukwa chiyambire ntchito Amayi ankakana kuti ndigule kanthu m'nyumba. Masiku a holide ndinali nawo. Chinatsala n'kutsegula pakamwa. Ndinatsegula, Anti Noraini n'kudikira.

"Ndikawauza," ndinatero.

Amayi poyamba anaseka. "Ku Malaysia? Ine? Kukatani?"

Ndinawapatsa pepala lija. Anawerenga atatalikitsa dzanja poti magalasi anali m'chikwama.

"'Poti anafunsa za tiyi.' Ndinafunsa liti za tiyi ine?"

Ndinafotokoza zonse, maso ali pansi.

"Ndinakuuza kuti usachulutse! Miyezi itatu ukundiika mawu m'kamwa? N'chifukwa chake mayi uja amandikumbatira ngati ndinamupatsa impso!"

"Pepani, Amayi."

"Pepani wakoyo akundithandiza chiyani?"

Ndinadikira kuti anene chinthu chimodzi chokha: pita iweyo. Tonse awiri sizikanatheka, chifukwa July sukulu imakhala itatsekera ndipo wina anayenera kutsala ndi Joy. Amayi anapinda pepala n'kuliika m'thumba la jekete.

"Tiona," anatero.

Sabata yonseyo ndinkayeseza mawu m'basi. Anti, amene amadya ndine. Mawu ochepa, mwana wa ku mkaka akhoza kuwanena. Lachinayi ndinafika mpaka pakhomo pawo n'kuliza belu. Anatsegula a Hafiz, ali ndi thaulo paphewa, ndipo ndinabwerako nditabwereka chotsegulira zitini chimene kwathu tili nacho kale.

Lamlungu titatuluka Misa, pa tiyi wa mu holo ya parishi, Anti Carol, mnzawo wa Amayi, ankazungulira ndi foni kuonetsa zithunzi za ku Spain, iwo ali m'madzi ofika m'maondo.

"Nanga inu amake Joy, holide yanu ndi ya ku Blanchardstown basi?"

"Ife za pafupi tinasiyira ana," anatero Amayi akutakasa tiyi. "July ndili ku Malaysia."

"Malaysia! Ee, koma anthu ofatsa ndi oopsa! Mwapeza munthu kumeneko eti?"

Azimayi onse anaseka, Amayi n'kuseka nawo. Ine ndinali kumbuyo kwawo ndi kapu m'manja. Ndinamwa tiyi wotentha osapemerera, lilime n'kupsa.

Ulendo usanafike Anti Noraini anatiitana chakudya chamasana kuti akambirane za njira. Kuchokera pakhomo pathu kufika pawo ndi mapazi teni okha, koma Amayi anakwanitsa kundiuza kawiri kuti ndikakhale pafupi nawo. Pa tebulo panali mpunga wa buluu womwe uja. Amayi anadya nkhuku, mpunga n'kumangousuntha uku ndi uku. Anti Noraini atapita kukatenga madzi, a Hafiz ali kalikiliki kudulira mwana nyama, mulu wonse unasamukira m'mbale mwanga. Joy anatseka pakamwa ndi dzanja, Amayi n'kumutuzulira maso.

"Magdalena, ndiuzeni zoona," anatero a Hafiz. "Laksa yathu ya ku Penang ndi mpunga wa mkazi wangayu, chapamwamba n'chiti?"

Amayi anamwetulira, n'kutembenukira kwa ine ngati akupempha mchere.

"Iwe, laksa n'chiti?" anafunsa m'Chichewa.

"Chamsuzi wa bwemba chija," ndinanong'ona. "Nenani kuti laksa ndi ya tsiku lozizira, mpungawu ndi wa tsiku lililonse."

Amayi ananena, n'kuwonjezera manja ndi kuseka kwawo kuja. A Hafiz anamenya tebulo, akuti kwawo tsiku lozizira kulibe, ndiye kuti aluza. Ndinaona kuti maganizo anga akumveka bwino m'kamwa mwa Amayi kuposa mwa mwini wakene.

Kenako Anti Noraini anayang'ana mbale yanga, imene inali yoyera ngati yatsukidwa.

"Nanga iwe, Tiyezge? Miyezi yonseyi umangonyamula mauthenga. Iweyo zakudya zathu umazikonda?"

Pansi pa tebulo dzanja la Amayi linafika pa bondo langa. Silinatsine, linangokhala. Mwana sachititsa kholo manyazi pamaso pa alendo. Zimenezo palibe anachita kundiuza tsikulo, ndinakula nazo.

"Ndimadya pang'ono," ndinatero.

"Ngwamanyazi uyu," anatero Amayi, ndipo nkhani inapita ku za masutikesi.

Titabwerera kunyumba ndinayamba kukwecha mapoto amene anali oyera kale.

"Mapotowo akulakwira chiyani?" anafunsa Amayi.

"Amayi, kumeneko simukadya kalikonse."

"Buledi aliko. Mazira aliko."

"Koma pepala lija..."

"Pepala lija latani? Ukufuna ndikagogode ndikanene kuti Magdalena ndi wabodza, zakudya zanu zimathera mu shedi? Ndizidzakwera naye bwanji basi mayi ameneyu?" Anakhala pampando n'kuvula nsapato. "Zaka eyiti ndili kuno. Chibwerereni ndege ndakwera kawiri, maliro a bambo ako ndi maliro a malume ako. Sindinapiteko kulikonse kumene sikunali bokosi. Iwe uli ndi zaka naintini, dziko lonse likukudikira."

Yankho ndinali nalo. Koma ndinayang'ana mapazi awo otupa aja, n'kulimeza.

Sutikesi ndinalongedza ndine: mabisiketi, chiponde, masamba a tiyi, phala la m'paketi. Masiku anga a holide ndinatenga ndithu, omwe aja ndikanayendera, kuti ndikhale ndi Joy.

Kumeneko nthawi ili patsogolo ndi maola seveni, choncho chakudya chawo chamadzulo chinkandipeza masana. Foni inkalira, chithunzi n'kubwera, pansi pake mawu omwewo: "Ichi ndinene chiyani?" Ndinkachikulitsa ndi zala. Laksa yeniyeni, m'mbale yapulasitiki yofiira, msuzi wake wokhathamira ndi nsomba kuposa wa ku Tyrrelstown, pambali pali supuni ya Amayi youma. Tsiku lina anatumiza manudozi aphwanthiphwanthi okazinga pamoto waukulu, oikidwa pa tsamba la nthochi. Tsiku lina madzi oundana opala, othira mkaka wa kokonati ndi shuga wakuda, mkati muli tinthu tobiriwira ngati nyongolotsi. Ndinkatsegula kope n'kulemba yankho kuchokera pa zimene ndinadyapo zofanana nazo.

"Akondwa," ankayankha Amayi. "Ndamuuza Noraini kuti m'mimba simunakhazikike chifukwa cha ndege, ndikungolawa. Kukutentha koopsa. Joy wasamba?"

Ine uku ndikuwiritsa pasta wa Joy, kunja July wa ku Dublin akuchita ngati June wa ku Dedza.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi foni inalira ya vidiyo. Amayi anali m'bafa, kumbuyo kwawo kuli matailosi obiriwira ndi ndowa. Ankanong'ona, thukuta lili kamukamu.

"Tafika kwa mayi ake. Ndi gogo wokalamba zedi. Akuti maluwa wathyola yekha, budu ndi wopanga yekha. Banja lonse lakhala pamkeka, anthu ngati twente, onse akuyang'ana ine. Akuti ndilawe, ndinene ngati wake ukuposa wa mwana wake. Nena msanga."

Inali nambala 6 ija.

"Sindikudziwa, Amayi."

"Sukudziwa bwanji?"

"Sindinalawe. Mpungawo uli kumeneko, ine ndili kuno."

"Ingopeka, iwe! Suja umapeka bwino?"

"Za chakudya sindinapekepo. Zonse ndinkanena zija ndinkakhala nditadya."

"Tiyezge."

"Lawani nokha, Amayi."

Tinayang'anana pagalasi la foni. Wina anagogoda pachitseko cha bafa, kuitana Magdalena. Foni inaduka.

Joy anali ataima pakhomo la khitchini, maso ali tong'o.

"You said no to Mum," anatero.

Pasta wa tsikulo anapserera.

Kuyambira pamenepo zithunzi za chakudya zinasiya kubwera. Ankatumiza nyanja, mitengo ya kanjedza, mzikiti woyera, ndi funso loti Joy wasamba.

Amayi anabwera ataonda komanso atada ndi dzuwa. Tsiku lachiwiri tikuyanika zovala kuseri, anayamba okha, osandiyang'ana.

"Ndinayesa. Supuni imodzi. Inakana kutsika, misozi mbwe pamaso pa gogo uja. Ndiye ndinangonena zonse."

"Anati chiyani?"

"Gogo anaseka mpaka kutsokomola, n'kutuma mdzukulu kuti andikazingire dzira. Noraini sanaseke. Masabata awiri otsalawo tinkangokamba za kuntchito." Anakung'untha pilokesi. "Koma nyanja yake ndi yabwino. Yofunda ngati madzi osamba."

Loweruka linadutsa, belu osalira. Lina linadutsanso. Mbale yagalasi ija inali kwa ife, pamwamba pa filiji, poti ulendo usanachitike inathera kuno. Amayi ankaizemba ndi maso. Loweruka lachitatu ndinakanda ufa ndekha n'kukazinga mandasi. Amayi anaima pambali, kenako anasankha opserera n'kuwachotsa m'mbalemo.

Anti Noraini atatsegula anayang'ana mbale, n'kuyang'ana ine.

"Wakutuma ndani?"

"Palibe."

"Lowa."

Pa tebulo la kukhitchini anaikapo pepala lija. Amayi anali atawabwezera ali ku Malaysia. Linali lopindikapindika, lili ndi dontho la mafuta pakona.

"Zigawo zinayi ndayendetsa amayi ako akudya buledi ndi dzira," anatero. "Pa lekor zotentha, nyanja ili apo, anapempha tchipisi. Mayi anga ali ndi zaka eyite-thuu, maondo awo ndi ovuta, koma anatsika okha kukathyola maluwa." Anasalaza pepala lija ndi dzanja. "Amayi ako ndawamvetsa. Ulemu unawapanikiza, ifenso umatipanikiza. Koma iwe ndinakufunsa pa tebulo lomweli, maso ndi maso. Mpando uja unali wako."

"Ndikudziwa, Anti."

"Kumudzi timapita pakatha zaka zitatu. Kaya mayi anga adzakhala alipo."

Ndinangoyang'ana dontho la mafuta lija.

Anatsegula kabati n'kutulutsa botolo lokulungidwa m'mapulasitiki atatu. Pa chivundikiro panali kapepala kolembedwa m'chilankhulo chawo, zilembo zake zonjenjemera.

"Budu wa mayi anga. Alemba kuti ndi wa amene amadya. Ine ndinafuna kumusiya pa eyapoti." Anapakula mpunga wa buluu umene anaphikira banja lawo, anaika masamba ndi kokonati, n'kuthira budu mu kachikho. "Khala. Udye pano ndikuona. Ndipo ukangoyamba ndi 'Amayi akuti', ndikulanda mbale."

Ndinasamba m'manja n'kusakaniza zonse, kwa nthawi yoyamba pa tebulo osabisa kanthu, osati pa chitini cha penti. Budu wa gogo anali wina ndithu. Mchere wake sunkaluma, unkabwera pang'onopang'ono, kumbuyo kwake kuli kutsekemera kozama ngati kwa shuga wopsereza. Ndinaganiza za mkeka uja, anthu twente, ndi mpando wa m'galimoto pafupi ndi windo. Zinandipweteka kuposa zithunzi zonse zija, chifukwa tsopano ndinadziwa ndi lilime langa chimene ndinataya.

"Nena," anatero Anti Noraini.

"Budu uyu akuposa wa m'shopu uja. Kutali."

"Zimenezo ndikudziwa. China?"

Ndinameza. "Mpunga mwauchulutsira madzi."

Anatenga supuni, analawa m'mbale mwanga, n'kutafuna nthawi yaitali.

"Mpunga wa ku Dublin uwu sumva," anatero monyinyirika. Anatola mandasi amodzi n'kuwanyema pakati. "Ndipo akowa mkati ndi osapsa."

Anadya ndithu, n'kutolanso ena. Ndikutuluka anandikankhira pepala lija.

"Tenga. Ine ndikamaliona limandikwiyitsa."

Kunyumba ndinaliika m'kope langa la Jogirafe, pa tsamba la mapu. Ndinatenga cholembera kuti ndichonge nambala 6, koma ndinasiya. Budu anali wa gogo, mpunga sunali wawo. Zonse leveni zidakali zosachonga.